Kamzere Kabuluu ka a Chidule

Pa kampani yogawa mankhwala m'zipatala ankawatcha a Chidule, chifukwa panalibe kanjira ka mumzindamo kamene sankakadziwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali pachiwongolero, galimoto yawo sinakhulepo ngakhale geti. Akazi awo ankawaseka kuti, "Inu abambo, mzinda wonse uli m'mutu mwanumo, koma kumene mwaponya masokosi anu simudziwa."

Bwana watsopano atafika, anamatitsa kasikirini pambali pa chiwongolero m'galimoto iliyonse. Kankaonetsa mapu ndi kamzere kabuluu kolozera njira. Dalaivala akangopatuka pamzerewo, ku ofesi ankaona, foni n'kulira.

"Bwana, misewuyi ndinayamba kuyendamo asanathire phula," anadandaula a Chidule.

"Madala, zinthu zinasintha. Tsatirani mzere basi."

Bwanayo sankadziwa kuti maso a mkuluyu anali atayamba kutopa. Zakutali ankaona bwinobwino, koma zilembo zapafupi zinkangooneka ngati nyerere. Magalasi owerengera anali nawo, koma akawavala, msewu unkachita chifunga. Mawu a kachipangizoko ankathamanga ndiponso ankapotoza mayina a misewu, choncho anawatseka. Magalasiwo ankawabisa m'thumba la jekete, kuopa kuuzidwa kuti akapume mwana wawo womaliza asanamalize sukulu.

"Kawauzeni anthuwo zoona," akazi awo anawachonderera tsiku lina akusita yunifolomu.

"Ndikawauze kuti ndakalamba? Ndiye muziphika chiyani, mapu omwewo?"

Lachiwiri lina m'mawa anapeza msewu wa masiku onse wotseka, anthu akukumba mapaipi a madzi. Kamzere kaja kanazimiririka n'kutulukira kwina. Njira zolambalala ankazidziwa zitatu, koma sabata imeneyo foni ya ku ofesi inali italira kale kawiri. Anaweramira pakasikirini galimoto ikuyenda, maso atatsinzinira, chala chikukankha mapu kuti aone dzina la msewu. Inali nthawi yongokwana kumeza malovu kawiri.

Phu! Tsache linamenya galasi lakutsogolo.

Anali mayi wosesa mumsewu, atavala chovala chake chowala cha ntchito. Wilibala yake inali gada, zinyalala zili mbwee. A Chidule anamunyamula okha, magazi akunyowetsa malaya awo, koma mayiyo anatsirizikira panjira ya kuchipatala.

Kukhoti, kampani inabweretsa chipepala chochokera m'kachipangizo kaja. Chinaonetsa kuti liwiro linali loyenera, koma dalaivala anagwira sikirini kanayi ngozi isanachitike. Kampaniyo inatulutsanso lamulo loletsa kugwira sikirini galimoto ikuyenda, pansi pake pali siginecha ya a Chidule. Analisainadi tsiku lina ali chiimire mu ofesi, osatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi.

Pa nthawi yopuma, mkulu wake wa malemuyo anawapeza atakhala pabenchi ya m'khonde, wapolisi ali pambali.

"Bambo, sindinabwere kudzakutukwanani," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Mng'ono wanga wasiya ana atatu, ndipo akundifunsa. Chovala chija chimaoneka munthu ali kutali. Munkayang'ana kuti?"

"Ndinkafuna njira, mayi."

"Nanga simunali panjira pomwepo?"

Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango n'kuchoka.

Khoti linalamula a Chidule kukhala kundende zaka ziwiri, laisensi n'kuwalanda. Potuluka anali atatha ngati nsungwi, tsitsi lili mbuu. Anapeza banja litasamukira m'kanyumba ka chipinda chimodzi, mwana uja atasiya sukulu n'kuyamba kugulitsa m'sitolo ya munthu. Iwo anapeza ntchito yomata matayala kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Amapita wapansi, kubwerera wapansi, ngakhale mvula ikugwa.

Mnzawo wakale, amene anatsegula sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, anawapempha kuti akalankhule kwa ophunzira ake. Anakana katatu, kachinayi anapita. M'chipindamo munali anthu khumi ndi awiri, ena mafoni ali m'manja pansi pa desiki. A Chidule anaimirira kutsogolo, chipewa atachifinya m'manja, mawu onse amene anakonza panjira atabalalika.

"Ana anga, munthu salimba ayi," anatero potsiriza. "Ine sindinkathamanga n'komwe."

Mnzawoyo anawakokera mpando, n'kuuza ophunzira kuti atsegule mabuku pa tsamba la zikwangwani za pamsewu.