Tsitsi la Pachikuto cha Mbale

Dzulo, posanja katundu wa malemu mkazi wanga, ndinapeza lezala ladzimbiri. Linandikumbutsa kwathu ku Champhira.

Achimwene anga ankaimba gitala m'gulu la nyimbo za roko kumigodi ya ku Zambia. Atatulutsa mbale yawo yoyamba, anatitumizira kudzera mwa dalaivala wa lole ya matabwa. Pachikuto panali chithunzi chawo, tsitsi lofika m'mapewa. Masiku amenewo tsitsi lotero linali mlandu, ndipo anyamata a chipani ankalowa m'nyumba osaodira.

Tinabwereka galamafoni kwa aphunzitsi. Magitala analira ngati macheka a ku Chikangawa. Adada, amene anali mkulu wampingo, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Achipani akaiona iyi, mbwenu tapita tonse. Iponyeni pamoto," anatero.

Amama anatola chikutocho. Anatenga lezala nayamba kupala tsitsi pachithunzipo pang'onopang'ono, akusamala makutu.

"Mukutani kodi?" anafunsa adada.

"Ndikumeta mwana wanga. Si ndinkam'meta ndine kale?"

Tinyenyeswa ta pepala tinkagwera pachitenje chawo. Adada anayang'anitsitsa nkhope yometedwayo nthawi yaitali. Kenaka anandiuza kuti nditseke chitseko, ndiikenso nyimbo ija, koma motsitsa.