Livi ya Agogo Mbewe

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, chimayamba kundifika ndi fungo la utsi wa malasha umene unkakuta komboni ya Madumabisa m'mawa uliwonse, losakanikirana ndi la sopo wofiira amene ankasambira akatuluka mumgodi, ngakhale fumbi lakuda la m'zikope mwawo silinkamva sopo. Tawuni inali ikutchedwabe Wankie. Ine ndinkakhala ndi agogo m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ndipo moyo wathu unkayendera huta, lipenga la kumgodi: ikangolira, jombo zinkagunda mumsewu wonse, amuna akutsokomola, akupatsana moni m'zinenero zosiyanasiyana.

Chaka china, ndili mu giredi yachitatu, agogo anafika madzulo n'kunena kuti apempha livi yaitali, yopanda malipiro.

"Mwadwala?" anafunsa agogo aakazi, a Nabanda.

"Ayi."

"Kwagwa maliro kwathu ku Dedza?"

"Ayi. Ndamuuza mzungu kuti, 'Mina funa phumula,' ndikufuna kupuma. Ndakumba pansi kuyambira ndili mnyamata, Nabanda. Ndikufuna ndione zimene zimachitika kunja kuno masana."

Agogo aakazi anakhala pansi. Aliyense ankadziwa kuti nyumba inkayendera ntchito: malo ako akatenga wina, makiyi nawonso apita. A Tembo, oyandikana nafe, ochokera ku Zambia, anasuzumira pampanda. "Hawu, mdala! Munthu wa manja awiri kupuma? Mwayamba zachizungu?"

Vuto linali lakuti agogo sankadziwa kupuma. Tsiku loyamba anakhala pampando pakhonde, manja pamawondo, msana uli chilili ngati akudikira kujambulidwa. Lachiwiri anasanduka kapitawo wa panyumba. Ankayendera pamene ndasesa n'kundibweza. Anandandalika mapoto kuyambira laling'ono mpaka lalikulu, mchere n'kuusamutsira kumene palibe akanaupeza. Ngakhale nkhuku ankazikalipira m'Chilapalapa, chinenero cha kumgodi, kuti, "Checha, checha!" chifukwa choti zikuchedwa kulowa m'khola.

Patapita masabata angapo, agogo aakazi anamanga duku lawo la kutchalitchi, kundigwira dzanja, ulendo wa ku ofesi ya komboni.

"Ndabwera kudzapempha kuti muwatengenso amuna anga," anauza kalaliki. "Ngakhale mawa."

Kalalikiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mayi, akazi amabwera kuno kudzadandaula kuti amuna awo atopa. Inu ndinu oyamba kubweza mwamuna." Kenako anafotokoza kuti shifiti ya agogo yagwiridwa kale ndi munthu wina mpaka mvula yoyamba. Akadzachedwa kubwerera nthawi imeneyo, basi ntchito yatha, koma isanafike nthawiyo malo palibe.

Tinabwerera kunyumba. Titafika, agogo aakazi anatulutsa makina awo osokera, opukusa ndi dzanja aja, n'kuwaika patebulo pakhonde, pamaso pa amuna awo.

"A Mbewe, paja mumati makina mumawadziwa. Nawa."

Agogo aamuna anayang'ana makinawo monyoza. Munthu wozolowera chitsulo choboolera mwala ankapukusa kachogwirira kaja ngati akulimbana ndi thanthwe. Masingano anathyoka. Tsiku lina anasokerera mkono wa malaya amene anavala kunsalu, ndipo anakhala pomwepo ataweramira makina mpaka agogo aakazi atabwerako kumsika, chifukwa anakana kuti ine ndiitane a Tembo. Amuna akamadutsa pochokera kuntchito ankakuwa kuti, "Mayi Mbewe, mutisokere ndi ife!" Agogo osadzutsa mutu.

Koma pang'onopang'ono dzanja linafewa. Phokoso la makina linayamba kuyenda mwandondomeko, ndipo pamwamba pake ndinayamba kumva chinthu chachilendo: agogo akung'ung'udza nyimbo za kwawo. Anasiya kuyendera kasesedwe kanga. Masana ena ndinawapeza atasiya kusoka, akungoyang'ana mbalame zikusamba m'madzi otayikira pampopi, akumwetulira okha. "Kani zimachita chonchi tsiku lililonse?" anandifunsa. Chifuwa chawo cha fumbi la mumgodi nachonso chinayamba kuwapatsa mpata.

Kenako anamaliza ntchito yawo yoyamba: diresi langa, lachikasu. Mkono wakumanja unali wotakasuka moti ukanakwana agogo aakazi, koma wakumanzere unkandikoka mpaka phewa kufika kukhutu. Thumba linali pafupifupi kumsana. Anati ndivale Lamlungu. Ndinalira.

Agogo aakazi anandikokera kuseri kwa chitseko n'kunong'ona, "Vala, mdzukulu wanga. Ukakana, abwerera ku mapoto anga."

Ndinavala. Pakhomo la tchalitchi agogo anaima nane ngati munthu wogulitsa mbuzi, akuimitsa aliyense wolowa. "Mwaliona diresili? Ndasoka ndine." A Tembo anandiyang'ana mwachifundo n'kufunsa ngati ndagwa mumtengo. Amayi a kwaya analuma milomo. Koma nditakweza maso ndinaona nkhope ya agogo ikuwala mmene sindinaionerepo, ndipo ndinaimika phewa lija bwinobwino kuti diresi lioneke ngati linasokedwa dala choncho. Ndinalivala mpaka linandithina.

Mvula yoyamba itagwa, agogo anavala jombo zawo n'kubwerera kumgodi, ndipo nyumba sitinachotsedwemo. Koma Loweruka lililonse masana makina ankatuluka pakhonde, ndipo amuna omwe ankawaseka aja anayamba kubwera mwakachetechete ndi maovololo ong'ambika.

Ine tsopano ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo. Nditatopa ndi uphunzitsi zaka zapitazo, ndinapempha livi popanda kuchita manyazi kapena kunamizira matenda, chifukwa ndinakula ndikudziwa kuti munthu akhoza kungonena kuti watopa. Ndipo pachithunzi chilichonse chimene ndinajambulidwapo, ngakhale cha ukwati wanga, phewa lakumanzere lili m'mwamba. Ojambula amandiuza kuti nditsitse. Ndimawauza kuti ajambule momwemo.