Ulendo wokaona a Nasibeko, mnzanga wa shuga

Ndinanyamuka kwathu kufupi ndi Bembeke m'mawa wina wa Juni, chaka cha 1957, nkhungu itakuta mapiri. Panali patapita milungu itatu chindipezere ndi matenda a shuga. Adokotala anandipatsa jekeseni wodzibaya ndekha m'mawa uliwonse, nandiletsa zotsekemera. Kumudzi nkhaniyi inafika itanenepa. Anthu anasiya kundibweretsera nsalu, poopa kuti ine telala wawo ndingafe diresi lisanathe, ndipo kunena zoona ineyo ndinkaopa kuposa iwo. Sisitere wina wa pachipatala ndiye anandiuza kuti ku Mphunzi kuli mayi wina, a Nasibeko, amene akhala ndi matendawa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinati amenewo ndikawaone ndi maso anga, ndidziwe ngati munthu amakhaladi moyo nawo.

Ndinadzibaya jekeseni ndi kumwa tiyi wopanda kanthu. Phala limene mkazi wanga anaphika ndinangolilawa, poganiza kuti kudya pang'ono ndiko kuchira msanga.

Cha m'ma eyiti koloko, pa msewu waukulu, ndinapeza lole ya mmwenye yonyamula mbatatesi. Ndinalipira sheleni imodzi ya ine, ndi sikisipensi ya njinga yanga. Ndinakhala pamwamba pa matumba ndi mayi wina amene ankasenda nzimbe ngati walipidwa. Anathyola mfundo ziwiri nandipatsa.

"Zikomo amayi, ndinaletsedwa," ndinatero.

"Munthu wamkulu kuopa nzimbe? Kapena manowo ndi obwereka?"

Ndinatembenuka kuyang'ana phiri la Dedza, malovu ali thoo m'kamwa.

Pa boma la Dedza tinafika cha m'ma teni. Pa msika ndinadutsa nditazolika, chifukwa fungo la zitumbuwa linkandiitana ndi dzina. Kuchoka apo ndinapalasa cha kumpoto, mphepo ikundiluma makutu.

Dzuwa lili paliwombo ndinafika pa mudzi wa apongozi anga, umene uli m'mbali mwa msewu, moti kungoudutsa kukanakhala mlandu. Apongozi aakazi anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo wathu. Mlamu wanga Ajinesi anabwera ndi chipanda cha thobwa.

"Mlamu, auzeni amayi kuti thobwa sindimwa tsopano," ndinanong'ona.

Mawuwo anapita ku nkhokwe, yankho linabwera lisanazizire. "Akuti thobwali tamwa tonse kuyambira dzulo, palibe wafa."

Ndinayesa kufotokoza za matenda, koma ndani angafotokoze bwino nkhani yodutsa m'kamwa mwa mlamu woseka? Nkhuku inali itagwidwa kale, koma poona nkhope za anthu ndinatsazika msanga. Pa mudzi wonsewo nkhukuyo yokha ndiyo inakondwa ndi kubwera kwanga.

Nditapatuka kulowa njira ya fumbi ya ku Mphunzi, zitunda zinayamba. Cha m'ma thu koloko thukuta linali kamukamu pamene kunja kukuzizira, manja akunjenjemera, njira ikuoneka ngati ziwiri. Ndinafunsa amuna ena pa bawo kumene kuli kwa a Nasibeko, koma lilime linali litalemera ngati la ng'ombe.

"Awa ayamba m'mawa," anatero wina. "Kachasu wake ngwa kuti, achimwene?"

Ine wa kwaya, wosaudziwa mowa chibadwire. Zinandiwawa, koma mphamvu yokwiyira ndinalibe. Ndinalondola kumene analoza, ndipo njinga inandifikitsa yokha pakati pa dimba la kabichi, n'kunditula pomwepo.

Panabwera mayi wamfupi, wojintcha, khasu lili paphewa. Anandinunkhiza m'kamwa, kenaka anandigwira pamphumi.

"Si mowa uwu. Abambo, mumabaya jekeseni?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mwadya liti?"

"Sindinadye... ndikudzisunga."

Anamasula mfundo ya pa nsonga ya nsalu yawo. Munali shuga! Ndinaluma mano, ndikuti ndinaletsedwa.

"Tsegulani pakamwa inu, musandifere pa kabichi."

Ndinanyambita kawiri, katatu. Posakhalitsa njira inabwerera kukhala imodzi, ndipo ndinazindikira kuti awa ndiwo a Nasibeko amene ndinawayendera.

Pakhonde anandipatsa nsima ya mgaiwa yaing'ono ndi nyemba ndi mpiru wambiri, akundikalipira ngati mwana wawo. Anati jekeseni ali ngati waganyu: ukamulemba umupatse chakudya, apo ayi adya iwe. Anandionetsa kabotolo ka mankhwala awo m'kamtsuko konyowa kuseri kwa chitseko, ndi kasefuliya kowiritsira singano kamene mwamuna wawo, a Lufeyo, anaopsezedwa kuti asadzakakhudze. Anandivula nsapato ndi kundiyang'ana mapazi ngati akugula ng'ombe. Za thobwa anaseka mpaka misozi.

"Chipanda mumalandira ndi manja awiri, kunyowetsa milomo, kuthokoza, n'kupatsa mnzanu. Ine ndatha maukwati angati motero? Mukawapepese apongoziwo, mukadye nkhuku yawo."

Ndinagona komweko. M'mawa, nditabaya jekeseni amene ndinanyamula kwathu ndi kudya monga munthu, ndinafunsa chimene ndinabwerera.

"Amayi, mundiuze zoona. Ndili ndi masiku angati?"

A Nasibeko anaimirira. Anapita kuseri kwa nyumba, anakumba kamtengo ka pichesi, nakakulunga ndi tsamba la nthochi, n'kukamangirira pa njinga yanga.

"Aka kabereka pakatha zaka zitatu. Mapichesi oyamba mudzabwere nawo kuno. Tidzagawana pichesi limodzi, theka inu theka ine, enawo adzadya a Lufeyo."

Pobwerera ndinapalasa pang'onopang'ono, shuga ali m'kathumba ka malaya, ndikuima pa mtsinje uliwonse kunyowetsa mizu. Adokotala anandiphunzitsa kubaya, koma zokhala ndi matendawa ndinakaziphunzira pa khonde la munthu amene ali nawo. Nditafika kwathu madzulo, mkazi wanga anandipeza ndikukumba dzenje ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Anayang'ana kamtengoko, anayang'ana ine, n'kupita kukatunga madzi.