Chaka Chimene Tinaimbira Agwape

Ndimaonabe nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa amayi khumi ndi awiri, ataima pabwalo la sukulu m'mawa wa mwezi wa Juni, opanda nsapato, zitenje atafunda mpaka m'makutu. Kwathu kumapiri a Ntchisi chisanu chimang'amba zidendene, ndipo chaka chimenecho nkhungu inkachoka dzuwa litakwera kale. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, koma woyambitsa nyimbo ndinali ineyo poti mawu anga anali okwera. Kwaya yathu inalibe ng'oma kapena chisekese. Mayi anga, a Nachisale, amene ankaitsogolera, ankati pakhosi pokha mpokwanira.

Tinali titamva kuti nkhalango ya kuseri kwa mudzi, komwe tinkatola masuku ndi kuzula bowa, yaperekedwa kwa bwana wina wa esiteti kuti azidulamo nkhuni zowambira fodya. Masiku amenewo munthu sankadandaula mokweza. Ukalankhula mokhota unkangosowa. Bwanayo ali pafupi kubwera kudzaona malowo, a Kamwendo, tcheyamani wa chipani, analamula kuti tidzamulandire ndi nyimbo zotamanda boma.

Milungu iwiri tinayeserera kumtsinje uku tikuchapa, zala zitauma gwa ndi madzi ozizira, fungo la utsi wa mapesi likutsika kuchokera m'minda. Tsikulo litafika ndinayambitsa nyimbo, amayi n'kulandira. Tinaimba za gwape wonyambita mame, za nkhwali yodzutsa alimi, za msuku umene subweza mwana wanjala. Nyimbo yachitatu inafunsa kumene changa adzagone nkhwangwa ikadutsa.

"Nyimbo zanji zimenezi?" anakalipa a Kamwendo.

"Tikutamanda dziko, abambo," mayi anayankha atagwada mwaulemu. "Kapena agwapewa ndi a dziko lina?"

Mayi anadzuka, natikodola ndi mutu, ndipo tinamaliza nyimbo zonse zisanu. Masana omwewo anyamata a chipani anawatengera mayi ku Boma. Anabwerako patapita masiku anayi, diso litatupa, mawu atasasa, ndipo choyamba kufunsa chinali chakuti kodi tathirira mpiru kudimba.

Nkhalango inagwa mvula isanagwe. Gwape sindinamuonenso kwathu, ndipo pamene panali misuku lero pali zigwembe. Ana anga amandifunsa kuti nanga tinapindulanji. Mitengo sitinaipulumutse, n'zoona. Koma bwana uja anakhala pampando, chipewa chili pabondo, amayi osavala nsapato akumutchulira chimodzichimodzi zonse zimene anabwera kudzapha, ndipo analibe kothawira mpaka titamaliza.