Chithunzi cha M'sutikesi ya Malume

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti ndikapanda kutero akazi anga aulula okha, n'kuthiramo nsinjiro. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti akatswiri onse a nkhonya, aja olemera ngati ng'ombe zapangolo, amakhala komboni imodzi kuno ku Joni, amadya pamodzi, ndipo Loweruka likakwana amaitanizana kukaswana kuseri kwa khitchini. Sindinkadziwa kuti kwawo ndi kutsidya kwa nyanja, kuti ena anakalamba kalekale, ena ali m'manda. Ngakhale tsiku limene ndinatsika basi ku Rustenburg, ndevu zitamera kale, maso anga ankangothamangira anthu ataliatali, kuti mwina ndimuona mmodzi akuchokera kogula buledi.

Amene anandisokoneza mutu ndi malume. Anabwerera kwathu ku Dowa atatchona zaka zambiri m'migodi yomwe ino, atatenga chifuwa chosatha ndi sutikesi yachitsulo. M'kati mwa chivundikiro chake anamatamo chithunzi chodula m'nyuzipepala: chimunthu cha mapewa ngati chitseko, nkhope yosaseka, magolovesi atakwezedwa kufika pachibwano. Pansi pake panali mizere itatu ya Chingerezi. Sutikesiyo ikatsegulidwa inkatulutsa fungo la sopo ndi mankhwala a njenjete, ndipo kwa ine limenelo ndilo linali fungo la ku Joni.

Inali nyengo yothyola ndi kusoka fodya. Malume anali atalima munda waukulu kuposa manja amene anali nawo, ndipo anali atanena kale kuti ine sukulu ndisiye ndizithandiza kuchigafa. Kwathu mwana ndi wa malume ake, bambo amangopempha. Mayi sanatsutse. Ankangochapa malaya anga asukulu mobwerezabwereza ngati kuti akayera kwambiri palibe angandivule.

Apo ndi pamene aphunzitsi anga anayamba kubwera. Anali munthu wowonda, wa njinga yolira ngati nkhanga, ndipo m'thumba la malaya ankasungamo chithunzi chawonso: katswiri wa masiku amenewo, wachinyamata, wamtali, wokongola nkhope, wolongolola ngati wayilesi. Lachisanu lililonse masana ankatsamiritsa njinga pamtengo wa chigafa, n'kukhala pachitsa, mkangano n'kuyamba.

Malume ankati wawoyo sankataya mapazi pachabe. Ankakutsata pang'onopang'ono ngati munthu wokankha ngolo yamiyala pansi pa mgodi, ndipo chibakera chake chinkayenda pang'ono chabe, koma ukadzuka unkafunsa anthu kuti lero n'lachingati. Aphunzitsi ankati wawo ndi wamiyendo: umuponyera nkhonya apa, iye ali uko, akukuseka. Malume ankalavula. "Kuvina kumeneko! Haikona! Mwamuna amaima." Kenaka ankadzuka kuti asonyeze, manja akuda ndi utomoni wafodya, kuponya kumanzere, kuponya kumanja, mpaka chifuwa chiwagwire, akhale pansi akutsokomola, maso ali misozi chuchuchu koma akumwetulira.

Ine ndinkasoka masamba pambali, makutu ali tcheru. Funso langa linali limodzi: nanga bwanji osangowaitana awiriwo amenyane tione? Nditafunsa, akuluakulu anaseka mpaka wina anagwetsa singano. Palibe anandiuza kuti wa malumeyo pa nthawiyo anali nkhalamba yadazi. Choncho ndinaganiza zoweruza ndekha. Ndinayeza zibakera za pazithunzi zonse ziwiri ndi kaudzu. Cha malume chinapambana, koma kenaka ndinaona kuti ngakhale khutu lake linali lalikulu kawiri, ndiye ndinazindikira kuti chachikulu ndi pepala. Umu ndi mmene ndinalili wanzeru.

Mkangano uliwonse unkatha chimodzimodzi. Aphunzitsi ankalimbalimba, kenaka n'kukanda m'mutu. "Apo mwandipeza, bambo. Ameneyo akanamugwira pakona, basi." Malume ankatupa ngati finye. Pokwera njinga, aphunzitsi ankaponya mawu ngati oiwalika: "Mnyamatayu abwere Lolemba, tayamba masamu ogawa." Ndipo malume ankagwedeza dzanja. "Apite, apite. Sabata yamawayi yokha." Masabata okhaokhawo anapitirira mpaka fodya woyamba anayamba kufiira m'chigafa.

Koma ine zinkandiwawa. Munthu amene kusukulu ankadziwa mayina a mitsinje ya maiko onse, kumagonja kwa malume amene dzina lawo ankalemba ndi chala chachikulu? Ndinaganiza kuti yankho lili m'mizere itatu ija. Malume akapita kumunda ndinkatsegula sutikesi, n'kukopera liwu limodzi pakhungu la dzanja ndi khala, n'kukafunsa kusukulu. Lero liwu ili, mawa linalo. Tsiku lina aphunzitsi anandigwira dzanja lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti mawuwa ndikuwatenga kuti. Ndinati pathumba la feteleza. Anandiyang'anabe, kenaka anati, "Zina timawerenga ndi maso okha, wamva?" Ndinavomera. Kuvomera ndinkakudziwa, kumva ndi kumene kunandivuta mpaka ukalamba.

Mawu atakwana ndinawalumikiza. Mizere ija inkanena kuti chithunzicho chinajambulidwa pa nkhondo yake yomaliza, imene mnyamata wina anamumenya mpaka kumugwetsera kunja kwa zingwe. Malume anayenda ndi chithunzi cha munthu wogonja kuchokera ku Joni mpaka ku Dowa, osadziwa.

Lachisanu limenelo kuchigafa kunali anthu ambiri, poti tinali ndi dima ndipo mowa unali utafika. Sutikesi inali yotsegula pamphasa. Aphunzitsi atangoyamba kukanda m'mutu, ine ndinaimirira, manja kumbuyo ngati pa tsiku la mayeso. Ndinawerenga Chingerezi chonse mokweza, ndi chala pa liwu lililonse, kenaka n'kumasulira bwinobwino kuti aliyense amve, ngakhale agogo ogontha aja. Ndinamaliza n'kuyang'ana aphunzitsi kudikira kuti anene kuti wakhoza.

Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Munthu mmodzi anaseka pang'ono n'kusandutsa chifuwa. Ndimakumbukira phokoso la madzi akudontha kudenga laudzu, ndi fungo la masamba onyowa. Malume anafunsa aphunzitsi mwakachetechete ngati mwanayu wawerenga zoona. Aphunzitsi anati, "Wawerenga bwino." Malume anafunsanso ngati aphunzitsiwo anali ataziona kale. Aphunzitsi anangoweramiranso nsapato zawo zija.

Malume anatseka sutikesi pang'onopang'ono, n'kukhoma loko. Sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangoti, "Mwanayu wadziwa kuwerenga. Yakwana." Lolemba m'mawa ndinapeza malaya anga asukulu atapindidwa pansi penipeni pa dengu, ndipo mayi sanandiyang'ane kumaso tsiku lonse. Njinga yolira ija sinabwerenso kuchigafa. Sukulu yanga inathera pa masamu ogawa, ndipo mpaka lero ndikagawa nyama ana amati ndimakondera.

Zaka zonsezi nkhaniyi ndakhala ndikuikamba ngati ya kupambana. M'komboni, pansi pa mgodi podikira kheji yotikweza kumtunda, kutchalitchi pambuyo pa mapemphero, ndinkati: ine ndili ndi zaka zochepa ndinathetsa mkangano umene unakanika akuluakulu, ndipo ndinaombola aphunzitsi anga. Malume ankangochita nsanje ndi nzeru zanga, basi.

Lamulungu lapitali mdzukulu wanga, amene amagwira ntchito kuhotela ku Ledig, anabwera kuno ku Kroondal ndi foni yake kudzandionetsa zimphona za masiku ano. Anthu ataliatali ngati mapolo amagetsi, mimba zili pamtunda pa kabudula. Akuti, "Madala, akale anu aja awa angawanyamule ndi dzanja limodzi." Ndinamufunsa ngati anaonapo mmodzi wa iwo akumenya nkhonya osakumbatira mnzake ngati pa ukwati. Ndinadzuka kuti ndimusonyeze mmene wamiyendo uja ankazembera, bondo n'kundikana, ndinagwera pampando ndikutsokomola. Mnyamatayo anakanda m'mutu n'kunena kuti mwina ndikunena zoona. Ndinakondwa kwambiri moti ndinamukambira nkhani yonse ya sutikesi, akazi anga akusenda mbatata pakhomo, osalowererapo.

Atakwera takisi mwanayo, ndinafunsa akazi anga ngati aona mmene ndamuphunzitsira. Anangopitiriza kuphika, tinadya mpaka kumaliza. Akupukuta manja ndi pamene anati:

"Bambo a ana, inu mpaka lero mukuganiza kuti aphunzitsi aja ankagonjadi? Munthu ankadzigwetsa yekha Lachisanu lililonse kuti inu mukhale m'kalasi, inu n'kuthamanga kukamukweza dzanja ngati wopambana. Tasendezani mapazi ndisese, mampara inu, chitsiru chachikulire."