Gitala ya agogo anu yalira pa sikelo

Ana anga ndi adzukulu, mwaswera bwanji nonse.

Lero ndavina ine, ndavina mpaka chitenje kumasuka! Chimbale chatsopano cha agogo anu aamuna ndi nkhalamba zinzawo zija chatuluka, chatulukadi.

Masana ndimadutsa pa sikelo, amayi ali pamzere kuyezetsa tiyi, wailesi ya a kapitawo ikulira. Ndangomva gitala ija, ija ya nyimbo zachizungu za roko yomwe ankaimbira mabwana ku kalabu. Koma pansi pake ng'oma za tchopa, mawu ake Chilomwe chokhachokha!

Amayi onse madengu pansi, fumbi koboo! A kapitawo akukuwa, "Mzere, amayi, mzere!" koma mapewa awo akuvina okha. Ine ndati, "Vinani bwana, oimbawo ndimawachapira ndine!"

Kunyumba ndapeza eni ake akupukuta gitala ngati sakudziwa kanthu. Akuti, "Amake Joyce, zala zinakana kuthamanga, ndiye ndinazipatsa ng'oma ya kwathu."

Tsono inu munapangana pa Khirisimasi kuti gitalayo igulitsidwe, ati nkhalamba ipume. Iwe Joyce ndiwe unayambitsa. Yankha pompano pa gulu lathu la pa foni onse akuona: tigulitsebe?