Tsiku Limene Tinawalowerera Nyimbo

Nthawi ya mliri wa kolona ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Midland, dera la mzinda wa Perth ku Australia. M'chipinda chakumapeto munkakhala madala ena ochokera ku Chile, amene paunyamata wawo anali woimba wotchuka kwawoko. Anatulutsa malekodi, kenako n'kulowa m'masewero a pa TV aja oti mwamuna amalirira mkazi mmodzi chaka chathunthu. Ku Perth anabwera atakalamba kale, kutsatira mwana wawo wamkazi, koma mwanayo ntchito inadzamutengera ku Melbourne.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Kuwaveka malaya kunali ngati tikukonza mkwati, ndipo katsitsi kotsalako ankafuna kapesedwe ndi mafuta, mzere uli chilili. Ine mtima wanga ndi wapachala, koma munthu wamkulu sabwezeredwa mawu, choncho ndinkangomeza.

Malire a zigawo za dzikolo atatsekedwa chifukwa cha mliriwo, mwana uja sanathenso kubwera. Madalawo anayamba kutha thupi tikuona, mawunso akuchepa. Tsiku lina anauza abwana athu kuti akufuna kumuimbira mwana wawo pavidiyo nyimbo imene inawatchukitsa, yonse mpaka kumapeto, mawu asanawathere. Anafunanso oonerera, ati iwo chibadwire sanaimbirepo khoma. Abwana anatuma ine ndi mnzanga wina wa ku Zambia. Tinaima chapatali titavala mamasiki, nesi atagwira tabuleti yoimbira vidiyoyo.

Anayamba bwino. Chisipanishi sindimva, koma nyimboyo inali yokoma, yokhala ndi malo obwerezabwereza osavuta kugwira. Atafika pokweza, mawu anathyoka. Kwathu, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi pamaliro, wotsogolera nyimbo akatsamwa simungomuyang'ana, mumailandira. Sitinapangane. Tinangozindikira tikuing'ung'uza m'mamasikimo, mnzanga akuika mawu apansi, ine ndikuwomba m'manja.

Madala analekeza pomwepo. Anatiyang'ana nkhope ili psuu, n'kunena m'Chingelezi chawo chothyokathyoka kuti palibe munthu amene analowererapo nyimbo yawo asanauzidwe. Zinandipweteka kwambiri, poti ife timati tikuthandiza. Mnzanga anandinong'oneza kuti, "Ba sister, tiyeni tiyende, bayimbe beka." Koma patabuleti paja mwana wawo anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika, ndiye tinakhala.

Anayambiranso, ife titasoka pakamwa. Atafika pamalo pomwe paja mawu anakananso. Anayesa kukankha, kunangotuluka mpweya. Ndinachita mantha kuti nyimbo ifera pamenepo mwana akuona.

Kenako anakweza dzanja, osatiyang'ana n'komwe, n'kutikodola ndi zala ziwiri. Ndikuganiza kuti ndi mmene ankalamulira oimba zida awo kale. Tinailandira, iwo n'kupumako, ndipo anadzailowanso m'munsi momwe mawu ankawalola. Anaimaliza.

Sanatithokoze. Pamene ndinkawavula jekete anangondiuza kuti m'manja ndimawomba mothamanga, ndipo ndikadapanda kukhala mu yunifomu ndikadawayankha.

Mwana uja anafika malire atatsegulidwa, koma anapeza bambo ake atasiya kulankhula. Anandifunafuna m'khonde, n'kundiuza kuti tsiku lija ankajambula, ndipo ndi nyimbo yomaliza imene bambo ake anaimba. Anandiikira kuti ndimvere. Chapakati pake bambo aja sakumveka, tikumveka ndife.